Chingerezi Chovomerezeka ndi Luso la Kucheza: Mafunso ndi Mayankho

Ambiri a ife tinakumana ndi Chingerezi m'kalasi, pamaso pa mphunzitsi wogwira choko ndi cholembera chofiira. N'chifukwa chake timachiona ngati mulu wa malamulo amene anagwa kumwamba ali opsa kale. Koma Chingerezi chimene timachitcha cholondola chinachita kuumbidwa, pang'onopang'ono, m'maofesi a boma, m'nyumba zosindikizira mabuku, komanso patebulo pamene anthu ankamwa khofi n'kumakamba nkhani.

Kodi Chingerezi chovomerezeka n'chiti kwenikweni?

Ndi chija cha m'mabuku, m'nyuzipepala, m'malamulo ndi pamayeso. Chimadziwika ndi kalembedwe ka mawu, galamala, ndi mawu amene wophunzira aliyense amawamva, kaya ali ku Leeds, ku Lagos kapena ku Lusaka. Katchulidwe kali padera. Munthu wa ku Glasgow ndi wa ku Texas akhoza kuwerenga chiganizo chimodzi mokweza, inu n'kumva ngati zilankhulo ziwiri, pamene onsewo akulankhula Chingerezi chovomerezeka.

Sichinasankhidwe chifukwa chokoma kapena chanzeru kuposa cha madera ena. Chinali cha kumene kunali mfumu, ndalama ndi alembi. Likulu la England likanakhala ku York, bwenzi lero ana akulephera mayeso chifukwa cholemba ngati anthu a ku London.

Chinayamba liti, ndipo anachiyambitsa ndani?

Palibe munthu mmodzi amene tingamuloze chala. M'zaka za m'ma 400 mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes inawoloka nyanja kuchoka kumene lero kuli Denmark ndi kumpoto kwa Germany, mtundu uliwonse ndi kalankhulidwe kake. Mfumu Alfred ya ku Wessex, imene inalamulira kuyambira 871 mpaka 899, inalimbikitsa kuti mabuku ofunika a Chilatini amasuliridwe, ndipo pofika cha m'ma 1000 amonke a ku Winchester ankalemba mofanana ndithu. Ulusi umenewo unaduka mu 1066 pamene William wa ku Normandy analanda dzikolo. Kwa zaka pafupifupi 300, kubwalo la mfumu kunkamveka Chifalansa, kutchalitchi Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsalira kumunda ndi kukhitchini. Chipsera chake chikuonekabe: chiweto chikakhala m'khola dzina lake ndi lachingerezi, cow kapena sheep, koma chikafika pambale ya bwana chimasanduka beef ndi mutton, mawu ochokera ku Chifalansa.

Chingerezi chinabwerera m'maofesi mokwawa. Mu 1362 panatuluka lamulo loti milandu m'makhoti izikambidwa m'Chingerezi chifukwa anthu wamba sankamva zimene ankaweruzidwa nazo, ngakhale lamulolo linalembedwa m'Chifalansa. Mu 1417 mfumu Henry V, ili kunkhondo ku France, inayamba kutumiza makalata ake kwawo m'Chingerezi, ndipo alembi a boma ku Westminster anatsata phazi lomwelo. Zikalata za ofesi yotchedwa Chancery zinkafika dera lililonse, anthu n'kumazolowera kalembedwe kake. Nthawi yomweyo mzinda wa London unkadzaza ndi anthu ochokera ku East Midlands, amene kalankhulidwe kawo kanali ka pakatikati, komveka kwa akumpoto ndi akumwera omwe.

Nanga nkhani ya mazira imene imatchulidwa kawirikawiri ndi yotani?

Anaisimba William Caxton, amene anakhazikitsa makina oyamba osindikizira mabuku ku England, ku Westminster, mu 1476. M'mawu otsogolera buku lina la mu 1490 analemba za amalonda amene ananyamuka pachombo mumtsinje wa Thames kupita ku Zeeland, ku Netherlands. Mphepo itawathera, anakocheza kugombe la ku Kent kuti apeze chakudya. Mmodzi analowa m'nyumba ina n'kupempha egges. Mayi wa panyumbapo anayankha kuti iye Chifalansa sachidziwa. Wamalonda uja anapsa mtima, poti nayenso Chifalansa sankachidziwa, ankangofuna mazira basi. Mnzake atanena kuti eyren, mayi uja anamva pompo. Caxton ndiye anafunsa kuti wosindikiza alembe mawu ati pa awiriwa.

Linali funso la ndalama. Mlembi wa pamanja ankalembera munthu wa kwawo komweko, pamene wosindikiza ankatulutsa mabuku mazanamazana ofanana, oti agulidwe kumpoto ndi kumwera. Sakanachitira mwina koma kusankha. Ine nkhaniyi ndimaikonda chifukwa mawu amene anapambana, egg, ndi akumpoto, amene anabwera ndi ma Viking a ku Scandinavia. Ndi mmenenso zilili ndi they, them ndi their. Chingerezi cha ku London chinali ngati msika umene aliyense wabwera ndi zakwawo.

Chimene makina anayamba, Baibulo linapitiriza. Chipangano Chatsopano chimene William Tyndale anamasulira m'Chingerezi chinatuluka mu 1526, mwiniwake n'kuphedwa mu 1536. Baibulo la King James la mu 1611, limene linatenga zambiri kwa Tyndale, linkawerengedwa mokweza m'matchalitchi, moti ngakhale osadziwa kuwerenga anazolowera kamvekedwe kake.

N'chifukwa chiyani mawu a Chingerezi salembedwa mmene amatchulidwira?

Chifukwa kalembedwe kanauma pamene katchulidwe kanali paulendo. Pakati pa 1400 ndi 1700 mavawelo aatali a Chingerezi anasuntha onse, motero mawu akuti time, amene kale ankamveka ndi i wautali ngati wathu, anafika pomveka kuti "taimu". K wa mu knee ndi gh wa mu night ankatchulidwa, kenako anasiyidwa, koma osindikiza anali atawazolowera kale. Zilembo zina anachita kuzilowetsa dala anthu ophunzira: b wa mu debt ndi doubt anaikidwa pofuna kuonetsa kuti mawuwo anachokera ku Chilatini, ndipo sanatchulidwepo. Mwana akamavutika ndi sipelo, vuto si mutu wake.

Tsono kucheza kukulowapo pati pa mbiri imeneyi?

Apa ndiye pali mtima wa nkhani. Alembi ndi osindikiza anakhazikitsa maonekedwe a mawu papepala. Koma mmene chiganizo chabwino chiyenera kumvekera, chosalemera ndi Chilatini, chosanyada, chomveka kwa mlendo, zimenezo zinaphunziridwa pocheza.

Nyumba yoyamba yomwera khofi ku London inatsegulidwa mu 1652 ndi Pasqua Rosée, ku St Michael's Alley. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, nyumba zoterezi zinali mazanamazana. Ukalipira kobiri limodzi unkalowa, kumwa khofi, kuwerenga nyuzipepala ndi kukhala pabenchi limodzi ndi aliyense amene wamupeza: wamalonda, loya, dokotala, wolemba ndakatulo, woyendetsa chombo. Kumalo omwera mowa anthu ankatuluka mutu utazungulira, koma khofi amagalamutsa, ndiye mkangano unkatha kuyenda ndi mfundo. Nyumba iliyonse inali ndi anthu ake. Kwa Edward Lloyd kunkasonkhana a zombo, ndipo m'macheza amenewo ndi mmene munabadwira msika wa inshuwalansi wa Lloyd's. Mfumu Charles II inaona kuti anthu akukamba ndale mopitirira muyeso, ndipo kumapeto kwa December 1675 inalamula kuti nyumbazo zitsekedwe. Anthu anachita phokoso, lamulolo n'kubwezedwa pasanathe milungu iwiri.

Taganizani munthu wa ku Devon, kumwera, atakhala moyang'anizana ndi wa ku Newcastle, kumpoto, sadziwana, si apachibale, maudindo awo ndi osiyana. Kuti amvane, aliyense ayenera kusiya mawu a kumudzi kwawo amene mnzake sangawamve, kusiya mawu a ntchito yake, ndi kupeza njira yotsutsira mnzake popanda kugwirana m'makolala. Kumbukirani kuti dzikolo linali litangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, imene inathera pa kudulidwa mutu kwa mfumu Charles I mu 1649. Kulankhula mwaulemu sikunali kudzikongoletsa chabe. Anthu anali ataona kumene mkangano wopanda ulemu umakathera.

Richard Steele ndi Joseph Addison ndiwo anatenga kalankhulidwe kameneko n'kukaika papepala. Steele anayambitsa nyuzipepala ya The Tatler mu 1709, ndipo awiriwo anatulutsa The Spectator kuyambira March 1711, tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Addison ananena poyera cholinga chake: kutulutsa nzeru m'zipinda za mabuku ndi m'makoleji kuti zikakhale patebulo la tiyi ndi m'nyumba za khofi. Ankawerengera kuti makope 3,000 a tsiku limodzi, lililonse litawerengedwa ndi anthu 20, ankafikira anthu 60,000. Ziganizo zawo zinkamveka ngati munthu wanzeru akukuyankhula mofatsa muli awiri. Kwa zaka zoposa 100 ana asukulu ankapatsidwa nkhani zimenezo kuti azitsanzira, ndipo nkhani ya mkonzi m'nyuzipepala ya lero ndi mdzukulu wake.

Akazi analipo m'macheza amenewa?

M'nyumba za khofi ankapezekamo ngati ogulitsa, koma pabenchi la mkangano panali pa amuna. Akazi a ndalama anatsegula mabwalo awoawo. Kuyambira m'ma 1750 Elizabeth Montagu ndi anzake ankaitana alendo kunyumba madzulo, n'kuchotsa makadi a juga amene anali chizolowezi cha nthawiyo kuti anthu azikambirana za mabuku. Gululo linadziwika ndi dzina loti Bluestockings. Kumeneko mkazi ankatha kutsogolera nkhani amuna otchuka ali chete kumvetsera. Koma wantchito amene ankathira tiyi, mawu ake sanalowe m'galamala ya aliyense.

Ndani analemba malamulo a galamala amene timalangidwa nawo?

France inali ndi bungwe loyang'anira chilankhulo, Académie française, kuyambira 1635. Wolemba mabuku Jonathan Swift anapempha mu 1712 kuti England ikhalenso ndi lake, loti likonze Chingerezi n'kuchiimitsa kuti chisasinthenso. Pempholo silinapite patali, ndipo mpaka lero Chingerezi chilibe bungwe lotero. Ntchitoyo inagwera anthu paokha.

Wamkulu wa onse ndi Samuel Johnson. Anasaina pangano mu 1746, ndipo mtanthauziramawu wake unatuluka mu 1755, wa mawu oposa 42,000, atathandizidwa ndi alembi asanu ndi mmodzi m'chipinda cha pamwamba cha nyumba yake ku Gough Square. Matanthauzo ambiri ankawachirikiza ndi ziganizo za olemba otchuka. Anayamba ntchitoyo akuganiza kuti akhoza kuchimanga chilankhulo, koma m'mawu otsogolera anavomera kuti zimenezo sizitheka: mawu amasintha malinga ngati anthu ali moyo. Kuvomera kumeneko ndimakulemekeza kuposa kukula kwa bukulo.

Pambuyo pake panabwera Robert Lowth ndi galamala yake ya mu 1762, ndi Lindley Murray ndi yake ya mu 1795 imene inalowa m'masukulu ambirimbiri. Anthu olemekezeka a nthawiyo ankalemba you was polankhula ndi munthu mmodzi, koma Lowth anati n'kulakwa, ndipo you were anapambana. Kukana kawiri m'chiganizo chimodzi, kumene wolemba ndakatulo Geoffrey Chaucer ankachita momasuka m'ma 1300, kunagamulidwa kuti n'kwa osaphunzira. Anthu ogula mabukuwa anali a m'mabanja amene angopeza kumene chuma, oopa kuti pakamwa pawo paulula kumene achokera. Apa m'pamene chida chomvanirana chinayamba kusanduka chikwapu.

Johnson amatamandidwa ngati katswiri wa macheza. Analidi wotero?

Anali wolankhula wamphamvu, zimenezo n'zosakayikitsa. Mu 1764 iye ndi wojambula zithunzi Joshua Reynolds anayambitsa gulu lokumana mlungu uliwonse ku Turk's Head, ku Soho, mmene munalinso wandale Edmund Burke ndi wolemba mabuku Oliver Goldsmith. James Boswell ankalemba zimene Johnson wanena, n'kuzitulutsa m'buku la mbiri ya moyo wake mu 1791. Koma Boswell yemweyo akuvomereza kuti nthawi zina mkuluyo ankalankhula kuti apambane basi. Goldsmith anadandaula kuti sungatsutsane naye, chifukwa mfuti yake ikakana kulira amakugwetsa ndi chigwiriro chake.

Kwa ine kumeneko si kucheza, ndi mlandu wopanda woweruza. Chokondweretsa n'chakuti Johnson mwiniwake ankadziwa. Ananenapo kuti macheza okoma koposa ndi amene mulibe mpikisano kapena kudzionetsera, koma kupatsana maganizo modekha.

Kodi Chingerezi chinali ndi "iwe" ndi "inu" ngati ife?

Inde, ndipo wolankhula Chichewa amaimva nkhaniyi msanga kuposa Mngelezi wa lero. Thou anali "iwe", wa mwana, mnzako wapamtima kapena wantchito. You anali "inu", wa anthu ambiri kapena wa munthu mmodzi womulemekeza. Kumutcha thou munthu wosayenera kunali chipongwe. Pamlandu wa Walter Raleigh mu 1603, woimira boma Edward Coke anamuuza dala kuti akumutcha thou chifukwa ndi woukira. A chipembedzo cha Quaker, m'ma 1650, anaumirira kutcha aliyense thou, ngakhale woweruza, ponena kuti pamaso pa Mulungu anthu ndi ofanana, ndipo ena anamenyedwa chifukwa cha zimenezo.

Mumzinda waukulu, mmene sudziwa ngati wovala bwinoyo ndi bwana kapena wantchito wa bwana, kunali kotetezeka kunena you kwa aliyense. Pofika m'ma 1700 thou anali atatsalira m'mapemphero, m'ndakatulo ndi m'midzi ya kumpoto. Ulemu wa pocheza unasintha galamala yeniyeniyo. Zili ngati ife titasiyiratu "iwe" n'kumati "inu" ngakhale kwa khanda.

Nanga katchulidwe kaja timati ka m'mphuno, ka pa BBC, kanachokera kuti?

Kanabwera mochedwa kwambiri. Thomas Sheridan, wazisudzo wa ku Ireland, ankayenda m'mizinda kuphunzitsa katchulidwe, ndipo mu 1761 anthu a ku Edinburgh anadzaza holo kukamumvera. John Walker anatulutsa mtanthauziramawu wa katchulidwe mu 1791. M'ma 1800 masukulu ogonera komweko a ana a anthu olemera, monga Eton ndi Harrow, anasula katchulidwe kamodzi kosaulula dera limene munthu wachokera, kongoulula kuti kwawo kuli ndalama. Katswiri wa katchulidwe Daniel Jones anakalemba m'buku mu 1917, ndipo BBC, imene inayamba mu 1922 pansi pa John Reith, inakafikitsa m'nyumba iliyonse. Mu 1941 Wilfred Pickles, wa ku Yorkshire, atayamba kuwerenga nkhani ndi kalankhulidwe ka kwawo, omvera ena analemba makalata odandaula. Komabe olankhula m'katchulidwe ka pa BBC kaja ku Britain komweko akhala ochepa kwambiri nthawi zonse.

Onaninso kumene anthu osula malamulowa ankachokera. Swift ndi Sheridan anabadwira ku Ireland, Lindley Murray ku America, Reith ku Scotland. Wobadwira pakati pa bwalo safunsa kuti akulankhula bwanji. Wochokera kumphepete ndiye amafuna lamulo lolembedwa, kuti asasekedwe.

Kodi pali malangizo a kucheza amene sanakalambe?

Alipo, ndipo amafanana modabwitsa. Cicero, wandale wa ku Roma wakale, polembera mwana wake mu 44 BC, anati wocheza asatsekereze anzake ngati kuti nkhaniyo ndi munda wake, koma azipatsana mpata. Nkhani yolemera aikambe molemera, yopepuka mopepuka. Asadye miseche ya amene palibe. Ndipo adziwe posiyira. Swift anandandalika matenda a pocheza: kulankhula kosalekeza, kukamba za iwe mwini, kubwereza nthano imene onse anaimva kale, kudula mnzako mawu, ndi kusamvetsera chifukwa mtima uli pa zimene ukufuna kunena. Katswiri wa filosofi Paul Grice, mu 1975, anazifupikitsa kukhala zinayi: nena zokwanira, nena zoona, nena zogwirizana ndi nkhani, nena momveka.

Pa zonsezi mulibe lamulo la galamala ngakhale limodzi. Munthu akhoza kuthyola Chingerezi chosalala ngati cha m'buku, anthu n'kumayang'ana kukhomo kuti athawe. Wina wa Chingerezi chothyokathyoka mumakhala naye mpaka dzuwa kulowa.

Akatswiri a chilankhulo anayeza ngakhale kampata ka pakati pa funso ndi yankho. Kafukufuku wa Tanya Stivers ndi anzake wa mu 2009, wa zilankhulo 10, anapeza kuti kampatako kamakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. A ku Japan ankayankha msanga koposa, a ku Denmark mochedwerako. Kukonza mawu m'mutu kumatenga nthawi yoposa pamenepo, kutanthauza kuti timayamba kuumba yankho mnzathu asanamalize. Yesero limene Swift analiona lili m'thupi mwathu, ndiye kumvetsera kumafuna kudzigwira. Makolo athu anapereka ntchito kwa womvera: wosimba akati "Padangokhala," enanu mumati "Tilitonse," ndipo mukasiya kuvomera nthano imafera pomwepo.

Kodi ndiyenera kumukonza munthu akalakwitsa Chingerezi tikucheza?

Ngati wakupemphani, kapena ndinu mphunzitsi wake, kapena mukuona kalata yake yofunsira ntchito, mukonzeni ndithu, ndipo mosamala. Chingerezi chovomerezeka chimatsegula makomo. Ku Malawi sungalandire satifiketi ya MSCE utalephera Chingerezi, ndipo wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo amayenera kuchidziwa. Kumubisira mwana zimenezi n'kumulakwira.

Koma pakati pa nkhani, pamaso pa anthu, ayi. Munthu akukusimbirani za matenda a mayi ake, inu n'kugwira mneni amene wasokoneza, ndiye kuti simunali naye. Ku Wales m'ma 1800, m'masukulu ena, mwana womveka akulankhula chilankhulo cha kwawo ankamupachika kathabwa m'khosi kotchedwa Welsh Not. Ankakapereka kwa mnzake amene wamumva akulakwa chimodzimodzi, ndipo wotsala nako pomaliza ankalangidwa. Kusukulu imene ine ndinaphunzira kunali chizolowezi chofanana nacho kwa wolankhula Chichewa. Sichinatiphunzitse kulankhula. Chinatiphunzitsa kukhala chete ndi kutcherana khutu ngati alenje, ndipo ndikudziwa anzanga anzeru amene mpaka lero lilime limawauma pamsonkhano.

Kodi Chingerezi chovomerezeka chikadali chimodzi?

Papepala kusiyana n'kochepa, koma kulipo. Noah Webster, mu mtanthauziramawu wake wa mu 1828, anakhazikitsa kalembedwe ka ku America monga color ndi center, pofuna kuti dziko latsopano likhale ndi muyeso wakewake. Australia, Canada, India ndi South Africa ali ndi mabuku ofotokoza Chingerezi chawo. Oxford English Dictionary, imene gawo lake loyamba linatuluka mu 1884 pansi pa James Murray ndipo inamalizidwa mu 1928, inakonzedwa kuti izilemba mmene anthu amagwiritsira ntchito mawu, osati kuwalamula. Mu January 2020 inalandira mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria. Pakati pawo pali okada, njinga yamoto yonyamula anthu imene kuno timati kabaza, ndi danfo, minibasi yachikasu ya mu Lagos.